Mutu 6: Mzere wa Matope pa Khoma

1. Chitini chili pansi

Salifyanji atatsika minibasi pa msika wa Kabwata Loweruka lija, anayamba waima kaye, kukamwa kuli yasa. Ku Woodlands, kumene anaswera kwa mnzake Kayla, kunangowaza kamvula kothetsa fumbi. Koma kwawo kuno msewu unali matope okhaokha. Amayi a pamsika ankakapa madzi m'mashedi mwawo ndi mabeseni. Matimati, makala ndi mapepala zinali mbwee mpaka pokwerera basi.

"Ba mami, yaloka nthawi bwanji mvula iyi?" anafunsa atapeza mayi ake akuyanika nyemba zonyowa pa thumba.

"Usanifunse, mwana wanga," anayankha mayiwo. "Ola imozi chabe, koma monga kumwamba kwabooka. Manzi yanapita pamwamba pa kamulatho."

Sali sanadikire kumva zambiri. Anathamanga mpaka kuseri kwa nyumba yawo, kumene kunali mtengo wozika pansi. Pamwamba pa mtengowo panalibe kanthu. Chitini chake choyezera mvula chinali gone m'matope, waya wake ataduka.

Chitinicho sichinali choseweretsa. Kuseri kwa msika kumadutsa ngalande yaikulu, ndipo pa ngalandeyo pali kamlatho kamene ana amawolokera popita kusukulu. Chaka ndi chaka madzi ankasefukira pamenepo. Chaka chathachi kamtsikana ka giredi 2 kanakokoloka, ndipo kanapulumuka chifukwa kanagwira mpanda wa waya.

Komiti ya m'deralo inagwirizana zoika mapaipi atsopano a simenti pansi pa kamlathoko. Vuto linali lakuti palibe munthu anayezapo madzi a m'ngalandemo chiikumbireni. Ba Mathias, injiniya wachinyamata amene anadzipereka kuthandiza komitiyo, anapita kwa Ba Kangwa, mphunzitsi wa sayansi. Anati akadziwa mvula imene imagwa ku Kabwata kwenikweniko, angathe kuwerengetsa madzi amene amathamangira m'ngalande, ndi kudziwa kukula kwa mapaipi ofunika.

Ntchitoyo inagwera Sali ndi Kayla, atsikana a giredi 11 a m'kalabu ya sayansi. Kayla ankalemba zonse pa kompyuta ya kwawo. Sali ankasunga chitini, popeza ndiye ankakhala pafupi ndi ngalande. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale sanaphonyepo tsiku. Koma waya uja unali utayamba kulekera milungu iwiri yapitayo, ndipo iye ankangoti adzaukonzetsa mawa.

Tsopano mvula yaikulu kuposa zonse za chakacho inali itagwa, iye alibe nambala. Ndipo Lolemba linali tsiku lopereka buku kwa Ba Mathias.

2. Nzeru ya Kayla

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, Sali anaimbira foni Kayla namuuza zonse.

"Iwe Sali, ndiye chamene ulilila ichi?" anatero Kayla akuseka. "Yembekeza." Panapita kanthawi. "Ona, pa foni balemba ati mu Lusaka dzulo munaloka mamilimita 18. Lemba yamene iyo. Ni nambala ya zoona, siwaipanga iwe."

"Koma banapimila kuti?"

"Kaya, kapena ku eyapoti. Lusaka ni Lusaka."

"Ku Woodlands sikunaloke, Kayla. Unaona weka."

"Manje ufuna tikapeleke buku ya chibowo? Miyezi inayi tasebenza. Ba Kangwa bazakamba ati ndise ba masobela. Lemba chabe, palibe azaziba."

Sali anatsegula buku lake. Mizere yonse inali yodzaza bwino, tsiku ndi tsiku, kupatula umodzi. Anatenga pensulo nalemba 18. Kenako anawerengetsa monga Ba Kangwa anawaphunzitsira.

Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imakhala lita imodzi ya madzi. Dera lonse limene madzi ake amatsikira m'ngalande ija analiyendera kale ndi mapu, ndipo linali lalikulu ngati mabwalo a mpira 70. Popeza deralo ndi la malata, simenti ndi phula, pa malita khumi alionse, asanu ndi awiri salowa m'nthaka koma amathamangira m'ngalande. Atamaliza masamu ake anapeza kuti mvula ya mamilimita 18 pa ola limodzi ikanadutsitsa madiramu asanu ndi atatu a madzi, a malita 210 lililonse, pa sekondi iliyonse.

Tsambalo linaoneka bwino. Anaika buku m'chikwama, natola chitini chija kuti akachikonzetse.

3. Kwa Ba Sidiki

Ba Sidiki anali mmisiri wa malata kumapeto kwa msika. Ankakhoma mbaula, zidebe ndi mafanelo. Makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, ndipo ngakhale anakalambira mu Lusaka, Chinyanja chawo chinali chidakali cha kumudzi. Iwo ndiwo anapanga chitini cha Sali, ndipo ndiwo anamuchenjeza kawiri konse za waya uja.

"Muli shani, ba shikulu?" anapereka moni Sali.

"Ndili bwino, mdzukulu wanga, kaya iwe?" Anayang'ana chitini chamatopecho. Anangochilandira nayamba kuchiwongola ndi kanyundo. "Chinagwa mvula isanayambe kapena itatha?"

"Siniziba. Sininaliko."

"Ndiye m'buku walembamo chiyani?"

Sali anazengereza, koma anatulutsa bukulo. Ba Sidiki anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, natsetsereza chala pa mizere mpaka pa Loweruka.

"Eyitini," anawerenga. "Mvula ya dzulo ija?"

"Ni ya pa foni, ba shikulu. Ni nambala ya zoona."

"Yoona kumene, koma ya kwina. Mwana wa mnansi ndi mwana ndithu, koma sungamulembetse kuti ndi wako." Anaika nyundo pansi nakankhira kampando kwa Sali. "Khala apa. Ndikuuze chinthu chimene ngakhale ana anga sindinawauze bwinobwino."

4. Masiku asanu

"Ndisanagwire nyundo," anayamba Ba Sidiki, "ndinali wowerenga madzi pa kamtsinje kena uko kum'mawa. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. M'mphepete mwa mtsinjemo anazikamo thabwa lalitali la manambala. Ntchito yanga inali kupita pamenepo m'mawa ndi madzulo, kuona pamene madzi afika, ndi kulemba m'buku. Basi. Pakutha pa mwezi ndinkatumiza tsambalo ku tauni pa basi.

"Palibe ankabwera kudzandiona. Chaka chonse bwana ankafika kamodzi. Dera lonse lija, mitsinje khumi ndi iwiri, thabwa linali limodzi lokha, langalo. Ofuna kumanga mlatho kapena damu pa mitsinje inayo ankatenga manambala anga n'kuyerekezera. Ine zimenezo sindinkazidziwa. Ndinkaona ngati ndikulembera mphepo.

"Chaka china, mu Febuluwale ngati muno, ndinapita kumudzi wina kukafunsira mbeta, amene anadzakhala mkazi wanga, agogo ako a kunyumbaku. Ndinati ndikagona tsiku limodzi. Ndinagona masiku asanu. Ndili komweko kunagwa chimvula kumtunda, mtsinje unadzaza, n'kuphwa ine kulibe.

"Pobwera ndinaona zinyalala zitakodwa m'nthambi za mkuyu, pamwamba kuposa mutu wanga. Thabwa lonse linali litamira. Ndikanalemba kuti sindinalipo, ntchito ikanatha, ukwati n'kuthera pomwepo. Ndiye ndinakhala pansi pa mkuyu womwewo n'kudzaza mizere isanu ija ndi manambala abwinobwino, ofanana ndi a mlungu wapitawo.

"Patapita zaka zitatu anamanga kamlatho kumunsi kwa thabwa lija. Anthu anavina tsiku lotsegulira, inenso ndinavina nawo. Dzinja lachiwiri madzi anabwera monga anabwerera nthawi ija. Paja amati madzi saiwala khwawa. Anadutsa pamwamba pa mlathowo n'kugumula mbali imodzi. Panali bambo wina, dzina lake Amock, ankawoloka ndi ngolo ya chimanga. Ng'ombe zake ziwiri zinapita. Iye anamuvuula ali moyo, koma mwendo unathyoka moti sanalimenso.

"Palibe anandiloza chala. Anthu anati ndi tsoka, ena anati simenti inali yochepa. Mwina inalidi yochepa, sindidziwa. Koma ine ndimadziwa kuti amene anajambula mlathowo anatsegula buku langa kufuna kuona madzi aakulu a mtsinje uja, ndipo sanawapezemo, chifukwa ine ndinawafufuta. Ndinasiya ntchito chaka chomwecho.

"Mvetsa, mdzukulu wanga. Mzere wopanda kanthu sunapheko munthu. Injiniya akaona mpata amadziwa kuti apa sakudziwa, ndipo amasamala. Koma nambala yabodza imavala jekete ngati inzake. Imakhala pamzere mwaulemu, palibe oikayikira. Ndipo pa masiku onse a chaka, tsiku limene mlatho umafuna kumva ndi limodzi lokha, la madzi aakulu. Masiku enawo ndi operekeza chabe. Iwe walemba bwino masiku zana, koma ukanama pa limodzi ili, wanama buku lonse."

Anatolanso nyundo yawo. "Buku ndi lako. Ine ndingokonza chitini."

5. Mboni ziwiri

Sali anatsegulanso buku lake, nyundo ikungolira. Kenako anapempha labala. Ba Sidiki analibe, choncho Sali anatenga bolopeni imene inali kukhutu kwawo nakhwatcha 18 uja ndi mzere umodzi. Pambali pake analemba kuti: *Sindinayeze. Chitini chinagwa chifukwa sindinakonzetse waya.*

"Manje ba Mathias bazasebenzesa chani?" anafunsa Sali. "Nawononga vonse."

"Sunawononge. Madzi akadutsa amasiya mapazi. Chimene ndinalephera ine pansi pa mkuyu paja ndi kuwerenga mapaziwo. Tenga tepi iyo, tiye."

Anatsikira ku ngalande. Sali analunjika pa kamlatho, koma Ba Sidiki anamubweza.

"Pamenepo ayi. Madzi akafika pa mlatho amaunjikana ngati anthu pakhomo la basi, ndipo amakwera kuposa msinkhu wawo. Tipite kumtunda, pamene ngalande yawongoka."

Anayenda mpaka kuseri kwa tchalitchi china, pamene makoma a ngalande anali a simenti mbali zonse ziwiri. Pakhomapo panali mzere wa matope wowongoka ngati wojambula ndi rula, ndipo timaudzu ndi timapepala tinali titamatirira pomwepo. Sali anavula nsapato natsikiramo. Kuchokera pansi kufika pa mzerewo inali mita imodzi ndi theka. M'lifupi mwa ngalande munali mamita awiri.

"Nanga liwiro la madzi?" anafunsa Ba Sidiki ali pamwamba.

Sali anatsegula masamba a m'mbuyo. Mu Januwale, mvula ina itagwa, iye ndi Kayla anaponya khoko la lalanje m'ngalande momwemo, ndipo linayenda mamita khumi pa masekondi asanu ndi awiri. Tsiku limenelo madzi anali theka chabe.

"Ndiye dzulo anathamanga kuposa pamenepo," anatero Ba Sidiki. "Gwiritsa ntchito liwiro lomwelo, koma ulembe kuti ndi locheperapo."

Sali anakhala pa mwala nawerengetsa. Anabwereza kawiri, chifukwa sanakhulupirire. Madiramu makumi awiri pa sekondi iliyonse.

"Nambala ya pa foni inanipasa eyiti chabe," anatero motsitsa mawu.

"Imeneyo ndi mboni imodzi. Mlandu sautha ndi mboni imodzi. Tiye tifunse ngati pali amene anaiwala chidebe panja dzulo."

Anazungulira msika wonse akufunsa. Ena ankaseka, ena ankati mabeseni awo anali pansi pa denga, momwe madzi a padenga lonse amagweramo. Zimenezo Ba Sidiki anazikana. Anakananso beseni lotambalala kukamwa, chifukwa limakola mvula yambiri kuposa pansi pake. Pomaliza anafika kwa Ba Febby, mayi wogulitsa vitumbuwa, amene anali ndi chitini chakale cha penti chotsukiramo manja.

"Ninachisiya apo pa bwalo pamene ninathaba mvula," anatero Ba Febby. "Munalibe kanthu, ninali nataya manzi. Pobwela napeza muli manzi, nadabwa."

"Anafika pati, mayi?" anafunsa Ba Sidiki.

Ba Febby analowetsa chala chawo cha mkombaphala m'chitinimo mpaka chinagunda pansi, nagwira pa mfundo yachiwiri. "Apa. Nikumbukila chifukwa ninafuna kusambilamo m'manja."

Chitinicho chinali chowongoka kuyambira kukamwa mpaka pansi. Sali anayeza chala cha Ba Febby ndi tepi, mayiwo akuseka kuti chikhalire sanayezedwepo chala. Anapeza masentimita asanu, ndiwo mamilimita 50.

"Nthawi ndili nayo ine," anatero Ba Sidiki. "Inayamba teni pasiti wanu, inakata kota pasiti thu. Chizolowezi cha ntchito yakale sichinandichoke. Mvula ikayamba, maso amapita okha pa wotchi."

Sali anawerengetsanso ndi mamilimita 50 pa ola limodzi. Anapeza madiramu 23. Khoma linati makumi awiri kapena kuposerapo, chitini cha penti chinati 23. Mboni ziwirizo, zosadziwana, zinanena pafupifupi chimodzimodzi.

6. Lolemba

Kayla ataona tsamba lokhwatchalo m'mawa wa Lolemba, nkhope yake inagwa.

"Walemba ati siunakonzese waya? Sali, wazigulisa weka! Na ine wanigulisa."

"Zina yako palibe apo. Nalemba ati ndine."

"Chala cha ba Febby mu lipoti ya sayansi? Bazatiseka."

Sanalankhulane mpaka nthawi yopuma, pamene anaitanidwa ku chipinda cha sayansi. Ba Kangwa anali atakhala ndi Ba Mathias. Mphunzitsiyo anawerenga tsambalo nakweza maso.

"Salifyanji, chipangizo ukapatsidwa umachisamala. Pa zimenezo ndikuchotsera mamalikisi asanu, ndipo sindikubwezera." Anatembenuza tsamba. "Koma ukanandibisira, ndikanakuchotsa m'kalabu."

Ba Mathias sankamvetsera zimenezo. Anali atatulutsa foni yawo akubwereza masamu a Sali mzere ndi mzere. Anafunsa pamene anayezera khoma, ndipo atamva kuti ndi kumtunda kwa mlatho anagwedeza mutu movomereza. Anafunsa ngati chitini cha penti chinali pansi pa mtengo kapena pafupi ndi denga. Sali anati chinali pabwalo poyera.

"Nambala izi sizili ndendende," anatero pomaliza. "Mwina ndi 19, mwina ndi 25. Koma wandiuza pamene wazitenga, ndiye ndikudziwa poti ndizikhulupirire ndi poti ndisamale. Ndani anakuphunzitsa kuwerenga mzere wa matope?"

"Ba Sidiki, bokhoma mbaula."

"Ndikufuna kukawaona."

Kayla anayang'ana Sali chamseri, ndipo kankhope kake kanayamba kumasuka. Koma Ba Mathias sanamwetulire. Anatseka bukulo naliika patebulo pang'onopang'ono.

"Ba Kangwa, pali vuto. Mapaipi afika kale Lachisanu, ine osandifunsa. Ndawaona ali kuseri kwa ofesi ya msika. Ndi awiri, ang'onoang'ono. Onse pamodzi sangadutsitse madiramu oposa khumi pa sekondi."



"Akawaika amenewo," anapitiriza Ba Mathias, "madzi adzadutsanso pamwamba, ndipo ana adzawolokapo mosaopa chifukwa mlatho ndi watsopano. Komiti ikukumana Loweruka. Ine ndikalankhula, koma akandifunsa kumene ndatenga manambala. Salifyanji, uyenera kudzaima pamaso pawo ndi buku lakoli."

7. Uthenga

Sali anabwerera kunyumba masana dzuwa likuswa mtengo, nadzera kumsika kuti akauze mayi ake. Anafotokoza zonse mwachangu, za khoma, za chala cha Ba Febby, za mapaipi. Ankayembekeza kuti mayiwo aseka kapena amuyamikira.

Mayi ake anasiya kupepeta nyemba. Anayang'ana uku ndi uku, namukokera mkati mwa shedi.

"Kamba pang'ono-pang'ono," ananong'ona. "Uziba amene anagula mapaipi yaja?"

"Awe."

"Ni ba Mpundu, ba cheyamani ba komiti. Bamene banatipasa shedi ino pamene batate bako banamwalila. Bamene bangatichosemo mawa ngati bafuna."

Sali anafumbata buku lake pachifuwa.

"Nkhani yafika kale kuli beve," anapitiriza mayiwo. "Banapita pano manje-manje, banaima apo pamene waimilila iwe. Bakamba ati mwana wanu wa manambala abwele ku ofesi yanga mawa akachoka ku sukulu. Ati abwele eka, na buku yake."